Mafunso ndi mayankho: kusankha hitch yokokera kalavani ya fifth wheel pa pikiapu ya bodi yaifupi

Tsamba ili ndi la anthu okhala ku United States ndi ku Canada, kumene makalavani ogonamo a fifth wheel ali ponseponse, makamaka amene pikiapu yawo ili ndi bodi yaifupi. Miyeso taisiya m'mainchesi ndi m'mapaundi chifukwa ndi mmene imalembedwera pa zipangizozi ndi m'mabuku ake. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndipo mapaundi 1,000 ndi makilogalamu 454.

Kodi kalavani ya fifth wheel imalumikizidwa bwanji ku pikiapu?

Amene munaonapo hosi ya thiraki ikulowa chafutambuyo pansi pa ngolo yake pa boda ya Mwanza kapena ya Mchinji, zambiri mukuzidziwa kale. Mphuno ya kalavani imakhala yokwera, ndipo imabwera pamwamba pa bodi ya pikiapu. Kunsi kwa mphunoyo kuli bokosi lachitsulo lotchedwa pin box, ndipo pansi pa bokosilo pamatuluka kingpin, chitsulo chachifupi chonenepa mainchesi 2. M'bodimo mumamangidwa hitch, mbale yachitsulo yong'ambika chakumbuyo yokhala ndi nsagwada zoluma kingpin. Pokhota, kalavani yonse imazungulira pa kingpin pomwepo.

Hitch simuiika paliponse pamene mwakonda. Imakhala pamwamba penipeni pa ekiselo yakumbuyo kapena patsogolo pake pang'ono. N'chifukwa chake fifth wheel siyepayepa pamsewu ngati kalavani yokokera kubampala: kulemera kwa mphuno yake kumatsikira pa matayala akumbuyo, osati kuseri kwake.

Bodi yaifupi ndi iti?

Yaitali ndi ya mafiti 8. Yochepera pamenepo, okoka makalavani amaitcha yaifupi, ngakhale kampani yopanga galimotoyo itaipatsa dzina lina. Pali magulu awiri. Loyamba ndi la mabodi a mafiti 6 ndi theka kapena kuyandikira pamenepo: Ford Super Duty ili ndi ya mafiti 6 ndi mainchesi 9, Ram 2500 ndi 3500 ya mafiti 6 ndi mainchesi 4, ndipo Chevrolet Silverado HD ndi GMC Sierra HD za kuyambira 2020 zili ndi ya mafiti 6 ndi mainchesi 9. Lachiwiri ndi la mabodi a mafiti 5 ndi theka a mapikiapu ang'onoang'ono monga F-150, Ram 1500 ndi Silverado 1500. Magulu awiriwa mayankho ake ndi osiyana, ndiye musamatengere malangizo a mnzanu musanamufunse kutalika kwa bodi yake.

Vuto lenileni la bodi yaifupi n'chiyani?

Ndi ngodya ya mphuno ya kalavani ndi galasi lakumbuyo kwa kabini. Makalavani ambiri ndi otambalala mainchesi 96, ena mpaka 101 kapena 102. Theka la 96 ndi 48. Kalavani ikakhota mpaka kupingasa kwenikweni, madigiri 90, mbali yake imakhala mainchesi 48 kuchokera pa kingpin kuloza kukabini. Pa bodi yaitali, kuchokera pa ekiselo kukafika kukabini pali mainchesi pafupifupi 56, choncho kalavani imadutsa osakhudza. Pa bodi ya mafiti 6 ndi theka pali mainchesi 40 kapena kucheperapo. Mainchesi 48 sangakwane pa malo a mainchesi 40, ndiye chimene chimagonja ndi galasi, nthawi zina ndi ngodya ya kabini yomwe.

Ndipo kugundako sikudikira madigiri 90. Tiyerekeze kuti kuchokera pa kingpin kukafika kukabini pali mainchesi 38, kalavani ndi ya ngodya zakuthwa, ndipo kingpin ili kunsi kwenikweni kwa khoma lakutsogolo. Ngodyayo ifika pakabini mutangopitirira madigiri 50. Pin box ikakhala yotulukira kutsogolo ndi mainchesi 10, mufika pamwamba pang'ono pa madigiri 60. Apa dziwani chinthu chimodzi chimene ambiri amachiphonya: pin box yotulukira imachedwetsa kugunda, koma pa madigiri 90 sithandiza konse, chifukwa pamenepo chofika kukabini ndi mbali ya kalavani, ndipo mbaliyo ili pa mainchesi 48 omwe aja.

Poyenda kutsogolo pamsewu wamba n'kovuta kufika madigiri amenewa. Ngozi zambiri zimachitika pa rivesi, polowetsa kalavani pamalo opanikiza kukampu kapena pakhomo, maso ali pagalasi lam'mbali kuyang'ana matayala a kalavani, mphuno ikubwera kuseri kwa mutu. Zimachitikanso potembenuka chiwongolero chili kumapeto pa malo omwetsera mafuta.

Ndiyeza bwanji kuti ndidziwe ngati ndikufunika slider?

Slider ndi hitch yotha kusunthira m'mbuyo m'bodi pokhota. Tengani tepi, muyeze zinthu zitatu. Choyamba, kuchokera pakati pa pamene padzakhale kingpin kukafika pa chinthu choyamba chimene kalavani ingagunde. Chinthucho si galasi nthawi zonse: chikhoza kukhala ngodya ya kabini, nyali yapamwamba kapena chitsulo chotchinjiriza galasi. Chachiwiri, kutambalala kwa mphuno ya kalavani pamalo pamene ndi yotambalala kwambiri, ndipo mugawe pawiri. Chachitatu, mainchesi amene slider imene mukuiganizirayo imabwerera m'mbuyo.

Phatikizani choyamba ndi chachitatu, muchotsepo chachiwiri. Chotsala chisachepere mainchesi 4. Pa chitsanzo chathu chija: 38 kuphatikiza slider ya mainchesi 12 ndi 50, kuchotsapo 48 kutsala 2. Pamalo athyathyathya mudutsa, koma movutikira. Ndi slider ya mainchesi 14 kutsala 4. Kalavani ikakhala ya mainchesi 101, theka lake ndi 50 ndi theka, ndipo slider ya 14 yomweyo ikusiyirani inchi imodzi ndi theka basi.

Mainchesi 4 aja si okongoletsa. Matayala akumbuyo a pikiapu akalowa m'chidikha, monga potuluka mumsewu kukwera pakhomo lokwera, pamwamba pa kalavani ndi pamwamba pa kabini zimaweramirana. Malo amene munawayeza pa simenti yosalala amatha pomwepo.

Mukamanga zonse, pitani pabwalo lalikulu lopanda magalimoto ndi munthu wina. Iye aime pambali pamene akuona ngodya ya kalavani ndi galasi, inu mubwerere chafutambuyo pang'onopang'ono mukukhota, akuimitseni patatsala mainchesi 4. Mukatero yang'anani mmene kalavani ikuonekera pagalasi lam'mbali, musunge chithunzicho m'mutu. Amenewo ndiwo malire anu.

Wogulitsa kalavani akuti mphuno yake ndi yozungulira, choncho slider ndi yosafunika. N'zoona?

Mwina, ngati bodi ndi ya mafiti 6 ndi theka. Makalavani ambiri amakono ngodya zake zakutsogolo ndi zosemedwa, ndipo kampani ya Heartland yakhala ikulengeza kuti mphuno zake zimalola madigiri 88. Anthu ochuluka amakoka zaka zambiri ndi hitch yosasuntha pa bodi yotere popanda kuswa kanthu, poti amadziwa malire awo ndipo sakhota mopyola. Koma nambala ya wogulitsayo inayezedwa pamalo osalala, pa galimoto imene mwina si yanu. Bodi ya Ram ya mafiti 6 ndi mainchesi 4 si yofanana ndi ya Ford. Musamutsutse, ingomupemphani tepi.

Kunena zoona, madigiri 90 si malo oti muzifikako kawirikawiri ngakhale mutakhala ndi hitch yabwino bwanji. Kalavani ya maekiselo awiri ikapindidwa choncho matayala ake sagubuduka, amakwekwerezeka cham'mbali, ndipo mukatsika mudzawaona atapindika pamarimu. Zimenezi zimatopetsa matayala, mabering'i ndi zogwirira masipuling'i.

Slider yamanja imagwira bwanji ntchito, nanga imakanika pati?

Ndi hitch yokhala pa njanji ziwiri kapena pa timawilo, yokhala ndi malo awiri okhomera: kutsogolo poyenda pamsewu, kumbuyo pokhota mopanikiza. B&W Companion Slider imabwerera mainchesi 12, ma slider a timawilo a CURT chimodzimodzi, ndipo ena a Reese amabwerera 10.

Kachitidwe kake ndi aka. Imitsani pikiapu ndi kalavani zitawongoka mzere umodzi, pamalo osatsetsereka. Tsikani, mukankhire chogwirira cha slider mbali yotsegula. Bwererani m'kabini, mugwire mabuleki a kalavani ndi kachogwirira ka pa brake controller, kabokosi ka m'kabini kolamulira mabulekiwo, kenako musunthe pikiapu kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mumve kuti khwapu, yakhoma kumbuyo. Tsikaninso mukaone ndi maso kuti yakhomadi. Mukamaliza kukhota, bwerezani zomwezo koma mukubwerera m'mbuyo, kuti hitch ibwerere pamwamba pa ekiselo.

Mavuto ake ndi atatu. Loyamba, siitseguka kalavani itapindika kale, chifukwa kulemera kumakanikizira mbali imodzi ndipo njanji zimakakamira. Ndiye kuti muyenera kuona vuto lisanafike, ndipo amene waona mochedwa alibenso chochita koma kuwongola n'kuyambiranso. Lachiwiri, mabuleki a kalavani akakhala ofooka kapena pansi pali miyala yoterera, kalavani imangotsatira pikiapu m'malo moti slider itsetsereke; apa ikani zopinga kumatayala. Lachitatu ndi loopsa: kuiwala kuibwezera kutsogolo n'kulowa mumsewu waukulu. Kulemera kukakhala kuseri kwa ekiselo, kutsogolo kwa pikiapu kumapepuka, chiwongolero chimayandama, ndipo mabuleki sagwira monga mwa nthawi zonse.

Pali vuto lachinayi limene silili pa chitsulo koma pa munthu. Mvula ikugwa, kumbuyo kuli mzere wa magalimoto, ambiri amati “ndingokhota pang'ono, sizifika”. Slider yamanja imene mwini wake satsika kukaitsegula ndi hitch yosasuntha yolemera kawiri.

Nanga slider yodzisunthira yokha?

Iyi imabwerera m'mbuyo yokha kalavani ikayamba kukhota, n'kubwereranso kutsogolo ikawongoka, woyendetsa osatsika. Zodziwika kwambiri ndi PullRite SuperGlide, yopangidwa ku Mishawaka, Indiana, ndi Demco Hijacker Autoslide ya ku Boyden, Iowa. Za bodi ya mafiti 6 ndi theka zimabwerera mainchesi 14, ndipo PullRite ili ndi ina ya mabodi a mafiti 5 ndi theka yobwerera mainchesi oposa 22.

Chinsinsi chake n'chakuti pin box sizungulira pamwamba pa mbale. Imagwidwa zolimba ndi mutu wa hitch, mutuwo ndiwo umazungulira, ndipo kuzungulirako ndiko kumakankhira mutu wonse m'mbuyo. Pa SuperGlide chogwiracho ndi mbale yotchedwa capture plate, yomangidwa pa pin box, ndipo iyenera kukhala yogwirizana ndi mtundu wa pin box yanu. Pa Demco zogwirazo zili pa hitch pomwepo, zimapana pin box m'mbali.

Zodandaulitsa zake zilipo. Ndi yodula kuposa zonse. Ndi yolemera, yambiri imapyola mapaundi 200, ndipo kuitsitsa m'bodi n'kofuna anthu awiri amphamvu kapena chokwezera chapadenga la galaja. Pomanga ndi pomasula, pikiapu iyenera kukhala pafupifupi molunjika ndi kalavani. Mukaimika kalavani mopingasa kwambiri pamalo opanikiza, kuimasula kumavuta. Komanso kalavani yokhala ndi capture plate singakokedwe ndi hitch wamba mbaleyo isanachotsedwe. Pikiapu yanu ikafera panjira, wobwera kudzakuthandizani muuzeni zimenezi asanamange, apo ayi pokhota poyamba chinachake chipindika.

Ndamva za pin box yozungulira. Imasiyana bwanji ndi slider?

Slider imasuntha hitch. Iyi imasiya hitch pamalo pake n'kusamutsa pozungulira. Reese Sidewinder ndi Lippert Turning Point zili ndi mkono wachitsulo: kingpin ili kunsonga yakutsogolo, ndipo mainchesi 22 kumbuyo kwake kuli pozungulira pena. Kuseri kwa kingpin kumamangidwa mphero yachitsulo yotchedwa wedge, imene imalowa m'kamwa mwa hitch n'kuletsa mkonowo kuzungulira pamenepo. Kulemera kumagwerabe pa ekiselo, koma kalavani imakhotera mainchesi 22 m'mbuyo. Pa chitsanzo chija, 38 kuphatikiza 22 kuchotsa 48 kutsala mainchesi 12. MORryde imapanganso yake yotchedwa Orbital, ndipo makalavani a Grand Design Reflection 150 akhala akutuluka kufakitale ndi Turning Point.

Ubwino wake n'ngwakuti m'bodi mumakhala hitch wamba yopepuka, ndipo mukhoza kumanga mutabwera mopingasa. Choyenera kusamala ndi wedge. Ikakhala yosagwirizana ndi kamwa la hitch yanu, kapena mabawuti ake akakhwefuka, mkono umagwedera ndipo mumamva kugogoda pokhota paliponse. Reese imagulitsa ma wedge osemedwera ma hitch osiyanasiyana. Gulani ya hitch yanuyo. Funsaninso wopanga hitch ngati amalola pin box yozungulira, chifukwa mphamvu yokhotetsa imagwera pa mutu wa hitch. Musaiphatikize ndi slider yodzisunthira yokha mkono uli womasuka, pakuti mukatero kalavani ili ndi pozungulira pawiri. Ma pin box amenewa amakhala ndi mabawuti okhomera mkonowo kuti igwire ntchito ngati wamba; mukawakhoma chotsani wedge, mukawachotsa ikani wedge. Zonse ziwiri zikakhalapo nthawi imodzi kalavani singakhote.

Bwanji za ma hitch a mpira ngati Andersen, kapena kungosandutsa kalavani kukhala gooseneck?

Andersen Ultimate, ya ku Idaho Falls, ndi chimango cha aluminiyamu cholemera mapaundi osakwana 40, chokhala ndi mpira pamwamba. Pa kingpin pamamangidwa kabokosi kokhala ndi chibowo chimene chimavala mpirawo. Munthu mmodzi amainyamula, siigogoda, ndipo mpira wake umakhala mainchesi angapo kumbuyo kwa mpira wa gooseneck wa m'bodi (gooseneck ndi ngolo imene khosi lake limavala mpira wachitsulo wa pansi pa bodi). Mainchesi angapowo amathandiza pa bodi ya mafiti 6 ndi theka ndi kalavani ya mphuno yosemedwa, koma safika pa 12 kapena 14 a slider. Werengerani kuchokera pa mpira wapamwambawo ndi masamu omwe aja. Ngati kalavani ili ndi pin box yozungulira, pa Andersen iyenera kukhomedwa, ndiye mainchesi 22 aja mwawataya.

Kusandutsa kukhala gooseneck kuli pawiri. Pali chitsulo chachitali chomangirira ku kingpin n'kutsikira pa mpira wa mainchesi 2 ndi 5/16 wa pansi pa bodi. Chimenechi sitikulimbikitsani. Kutalika kwakeko kumachulukitsa mphamvu yopotokola pin box pa buleki iliyonse ndi ponyamuka paliponse, felemu ya mphuno imatha kung'aluka, ndipo opanga makalavani ambiri amafafaniza waranti ya felemu akachiona. Njira yachiwiri ndi kuchotsa pin box yonse n'kuikapo ina yopangidwira mpira, monga Reese Goose Box, imene Lippert inavomereza pa mafelemu ake. Apa bodi imatsala yopanda kanthu mukamasula, koma pozungulira pali pa ekiselo pomwe paja; mpira wobwerera m'mbuyo wa B&W umangowonjezera mainchesi 4. Pa njira iliyonse ya mpira mangani matcheni achitetezo. Malamulo amasiyana m'zigawo, koma matcheni ndi otchipa.

Ndili ndi F-150 ya bodi ya mafiti 5 ndi theka. N'zotheka?

N'zotheka pa makalavani ang'onoang'ono okha, ndipo hitch yosasuntha kapena slider yamanja iwalani. Kuchokera pa ekiselo kukafika kukabini pamakhala mainchesi 30 kapena kucheperapo. Tepi ikakupatsani 28, slider ya 14 ikusiyani ndi ngongole ya mainchesi 6. Chotsala ndi pin box yozungulira kapena SuperGlide yobwerera mainchesi oposa 22 ija, ndipo ngakhale pamenepo malo ndi ochepa. Koma kawirikawiri chimene chimagwetsa pikiapu zazing'onozi si kukhota. Ndi funso lotsatirali.

Ndigule hitch ya 16K, 20K kapena 25K?

Nambala zimenezi ndi mapaundi a kalavani yonse: 16K ndi 16,000. Hitch iliyonse ilinso ndi nambala yachiwiri, ya kulemera kotsikira pa mbale; B&W Companion ya 20,000 imalola 5,000. Onani GVWR ya kalavani, kulemera kwakukulu kumene imaloledwa ili ndi katundu, pa chomata cha kumanzere chakutsogolo kwake, osati kulemera kwake ili yopanda kanthu, ndipo mugule hitch yoposa pamenepo pa nambala zonse ziwiri. Apa palibe chovuta.

Povuta ndi pa pikiapu. Fifth wheel imatsitsira pa kingpin pakati pa 15 ndi 25 peresenti ya kulemera kwake, ndipo zonsezo zimadya katundu amene pikiapu imaloledwa kunyamula. Nambala ya katunduyo ili pa chomata cha matayala pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo ndi ya galimoto yanuyo, osati ya m'kabuku kotsatsa malonda. Tiwerengere. Kalavani ya GVWR 12,000, pa 20 peresenti, ndi mapaundi 2,400. Slider ndi zomangira zake, 250. Anthu anayi, 600. Jenereta, zida ndi nkhuni m'bodi, 150. Zonse pamodzi 3,400. Chomata chikanena 2,900, mwapyola ndi 500, ngakhale kabuku kakulonjeza kuti galimotoyo imakoka 18,000. Zimenezi zimachitika kwambiri pa mapikiapu a dizilo a gulu la 250 ndi 2500, chifukwa injini ya dizilo ndi yolemera mapaundi mazana angapo kuposa ya petulo, ndipo kulemerako kumachotsedwa pa katundu.

Ma air bag, matumba a mpweya othandizira masipuling'i akumbuyo, amawongola galimoto yofwamphuka kumbuyo, koma sawonjezera paundi ngakhale imodzi pa chomata, pa ekiselo kapena pa matayala. Mukalongedza monga mmene mudzayendere, pitani pa sikelo ya CAT pamalo oimapo mathiraki, muyeze kamodzi muli ndi kalavani, kenako pikiapu yokha. Kusiyana kwa maekiselo awiri a pikiapu pa miyeso iwiriyi ndiko kulemera kwenikweni kwa pa kingpin.

Hitch imamangidwa pa chiyani m'bodi?

Simangidwa ku malata a bodi, imafika ku chasisi. Njira ndi zitatu. Yakale ndi njanji ziwiri zopingasa pamwamba pa bodi, zomangidwa ndi mabawuti ku mabulaketi a pa chasisi. Mipata yake ndi yofanana pa makampani ambiri, koma njanjizo zimatsala m'bodi mpaka kalekale. Gulani mabulaketi opangidwira galimoto yanu, chifukwa amagwiritsa mabowo amene ali kale pa chasisi. Poboola bodi yambani mwasuzumira pansi: pali thanki, mapaipi a buleki ndi mawaya.

Yachiwiri ndi ma puck, mabowo anayi ndi la mpira pakati, ochokera kufakitale. Ford inayamba kuwaika pa Super Duty ya 2011, Ram pa 2013, GM pa 2016. Mipata yake ndi yosiyana pa kampani iliyonse, ndipo GM inasintha yake mu 2020, choncho hitch ya miyendo ya Ford silowa pa Ram. Yachitatu ndi ya pa dzenje la mpira wa gooseneck, monga B&W Turnoverball ya ku Humboldt, Kansas, pamene Companion imakhomedwa pa dzenje lomwelo.

Zinthu ziwiri za padera. Bodi ya F-150 kuyambira 2015 ndi ya Super Duty kuyambira 2017 ndi ya aluminiyamu, ndipo chitsulo chikagona pa aluminiyamu pali chinyontho ndi mchere wa m'misewu ya chisanu, aluminiyamuyo amadyeka. Ikani zotchinga zimene zimabwera ndi zomangirazo. Ndipo Ram ya RamBox, ija ya mabokosi osungiramo zida m'mbali, bodi yake ndi yopapatiza m'kati, ndiye onani ngati pin box sikhudza m'mbali pokhota.

Bwanji ndingomanga hitch wamba cham'mbuyo pang'ono?

Ayi. Mukhala mukuyenda tsiku lililonse mmene amayendera woiwala slider kumbuyo uja.

Hitch ikhale yokwera bwanji?

Pakati pa m'mphepete mwa bodi ndi kunsi kwa mphuno ya kalavani pakhale mainchesi osachepera 6, ndipo kalavani iyende yowongoka. Hitch ndi pin box zonse zili ndi mizere ya mabowo yokwezera ndi kutsitsira. Vuto la masiku ano n'lakuti mapikiapu a 4x4 atalika kwambiri. Mukakweza hitch kuti mupeze mainchesi 6, mphuno imaloza kumwamba, kulemera kumapita pa ekiselo yakumbuyo ya kalavani, ndipo matayala ake amatentha n'kuphulika msanga. Mukatsitsa kuti iwongoke, kalavani imakhula m'mphepete mwa bodi pa chidikha choyamba. Inchi imodzi kapena awiri a mphuno yokwera ambiri amapirira nawo. Kupyola apo, mankhwala ake ndi kukweza kalavani pa maekiselo ake, ntchito ya mmisiri wodziwa. Pa slider ndi pa pin box yozungulira onaninso kumbuyo: kalavani ikapingasa, pin box isakhudze m'mbali mwa bodi, chitseko chakumbuyo kapena bokosi la chovindikira bodi.

N'chifukwa chiyani hitch ina imagogoda ponyamuka ndi poima?

Ndi mpata wa pakati pa nsagwada ndi kingpin. Ma hitch otchipa amatseka ndi kampiringidzo kodutsa kuseri kwa kingpin, ndipo pamatsala mpata. A nsagwada ziwiri zopana, kapena imodzi yokulunga, amagwira mozungulira ndipo phokoso limachepa. Slider imawonjezera pogwedera pena, pa njanji zake. Ngati hitch ndi yothina koma kabini ikukankhidwabe kutsogolo ndi kumbuyo pa misewu ya simenti, yezani kulemera kwa pa kingpin, mwina kwachepa chifukwa katundu wachuluka kumbuyo kwa kalavani. Pin box ya mphira kapena ya mpweya, monga za MORryde ndi Trailair, imachepetsa kukankhako, koma ngati muli ndi SuperGlide onani kaye kuti capture plate yake ilipo.

Cholakwika chodula kwambiri pomanga ndi chiti?

Kugwetsera kalavani pa bodi. Chimachitika kalavani ikakwezedwa mopyola: kingpin imalowa pamwamba, mlomo wake wakunsi n'kukhala pamwamba pa nsagwada m'malo mokhala pansi pake. Chogwirira chimatseka, zonse zimaoneka bwino, mukanyamuka kalavani imapulumuka n'kuphwanya m'mbali mwa bodi.

Kupewa kwake ndi uku. Tsitsani chitseko chakumbuyo, ikani zopinga kumatayala a kalavani. Ikani pin box motsika pang'ono kuposa mbale, pafupifupi theka la inchi, kuti polowa ikwere yokha pa mbaleyo. Ikakhoma, walitsani tochi m'kamwa mwa hitch: nsagwada zikhale zitatseka kuzungulira khosi la kingpin, ndipo pakati pa mbale ndi pin box pasaoneke kuwala. Lowetsani pini yokhomera chogwirira, lumikizani pulagi ya mapini 7 ndi kawaya ka buleki yadzidzidzi. Kenako kwezani miyendo ya kalavani inchi imodzi yokha kuchoka pansi, gwirani mabuleki a kalavani, mukoke pang'ono. Ikapulumuka igwera pa miyendo yake, osati pa bodi. Mukatero kwezani miyendo yonse, tsekani chitseko, chotsani zopinga. Pomasula, chogwirira chikakana musachimenye. Kalavani ikukoka nsagwada, ndiye bwererani m'mbuyo pang'ono zopinga zili pomwepo, chimasuka.

Ndiye pa bodi ya mafiti 6 ndi theka, inu mungasankhe iti?

Ngati kalavani inabwera kale ndi pin box yozungulira, gulani hitch wamba yabwino ndi wedge yake, nkhani yatha. Ngati mumayenda kawirikawiri, mumaimika malo achilendo, kapena oyendetsa ndinu awiri, slider yodzisunthira yokha ndi yoyenera mtengo wake, bola chomata cha pachitseko chilole kulemera kwake. Slider yamanja ndi ya munthu amene amadziwa pasadakhale malo amodzi kapena awiri opanikiza, monga pakhomo pake. Ndipo ngati pikiapu imagwira ntchito zina mkati mwa sabata, mphuno ya kalavani ndi yosemedwa, tepi yakusiyirani malo okwanira mpaka madigiri 70 kapena 80, hitch yopepuka yosasuntha si kulakwa.

Ndingagule yogwiritsidwapo kale ntchito?

Mungathe. Onani chomata cha nambala zake, mng'alu pa zowotcherera, nsagwada zodyeka, ndi njanji za slider ngati zapindika. Mabawuti omangira ku chasisi gulani atsopano, muwamange ndi torque wrench, sipanala yoyeza kuthina, pa nambala ya m'buku, ndipo muwayesenso mukabwera ulendo woyamba. Pa mbale pakani girizi kapena ikani chimbale chapulasitiki chovala pa kingpin, koma chimbalecho sichiikidwa pamene pali capture plate. Njanji za slider zili ndi mafuta ake olembedwa m'buku; girizi wolemera pamenepo amagwira fumbi ndi mchenga, slider n'kuyamba kukakamira.

Laisensi wamba ikwanira?

M'zigawo zambiri inde, koma osati zonse. Ku California fifth wheel ya GVWR yoposa mapaundi 15,000 imafuna laisensi ya Class A yosakhala yamalonda, ndipo ku British Columbia kalavani yoposa makilogalamu 4,600 imafuna chilolezo chapadera. Funsani kuofesi ya malaisensi ya chigawo chimene mukukhala.

Nanga Hilux, Ranger kapena D-Max ya double cab ingakoke fifth wheel?

Ya ku America yaikulu ija ayi. Bodi ya mapikiapu amenewa ndi ya mita imodzi ndi theka, katundu wake ndi pafupifupi tani imodzi, ndipo malire okoka pa ambiri ndi makilogalamu 3,500. Kulemera kwa pa kingpin kwa kalavani ya mapaundi 12,000 kokha kumapyola tani. Ku Britain kuli The Fifth Wheel Company, ya kumpoto kwa Wales, imene imapanga ma fifth wheel opepuka ndi opapatiza monga Celtic Rambler, opangidwira mapikiapu a msinkhu umenewu. Masamu ake ndi omwe aja: kuchokera pozungulira kukafika kukabini, theka la kutambalala kwa mphuno, ndi katundu amene galimoto imaloledwa mutachotsa anthu okwera ndi hitch.